Tsamba likukana chithunzi cha HEIC: yankho kwa mayi wa ku Chibavi

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Mwana wawo wamkazi akufunsira ntchito, ndipo tsamba la pa intaneti lofunsirapo likufuna chithunzi cha satifiketi ya MSCE ndi cha chitupa cha unzika, zonse zikhale JPG, mtundu wofala wa fayilo ya chithunzi. Anajambula ndi iPhone ya mng'ono wawo, amene anawatumizira pa WhatsApp ngati Document, mafayilo n'kufika ndi dzina lothera ndi .heic. Atapita pamalo ena osindikizira mapepala m'tauni, mnyamata wa pamenepo anangofufuta heic n'kulemba jpg, koma tsamba linakanabe. Akufunsa kuti: "Kodi ndigwiritse ntchito masamba aulere osinthira zithunzi omwe ndikuwaona pa Google? Chitupa cha mwana wanga sichipita m'manja olakwika?"

Mayi, zikomo pondilembera, ndipo mwachita bwino kufunsa musanatumize.

Mnyamata uja musamuimbe mlandu, ambiri amaganiza ngati iyeyo. Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo ndi chizindikiro chabe. Mukatenga thumba la mpunga wa Kilombero n'kulembapo "ufa", m'katimo muli mpungabe. Tsamba lija linasuzumira m'thumba, linapeza HEIC, n'kubweza. HEIC ndi kasungidwe ka zithunzi kamene Apple inayamba kugwiritsa ntchito mu 2017 itatulutsa iOS 11, pulogalamu yoyendetsa iPhone, chifukwa kamadya malo pafupifupi theka la amene JPG imadya. Pa foni n'kabwino, koma masamba ambiri ofunsira ntchito ndi makompyuta akale sakadziwa. JPG ilipo kuyambira 1992, n'chifukwa chake paliponse imalowa.

Tsopano za masamba aulerewo. Amagwira ntchito, sindikana. Chithunzi cha ukwati, cha kwaya, cha zitenje zimene mukugulitsa pa Facebook, sinthirani pomwepo mtima uli m'malo. Koma chitupa cha unzika ayi, chonde. Ambiri mwa masamba amenewa amatenga fayilo yanu n'kuipititsa ku kompyuta yawo kunja kwa dziko, kuisinthira kumeneko, kenako inu n'kuitsitsa. Amalemba kuti amafufuta pakapita maola angapo, koma amene walemba lonjezolo simunamuonepo nkhope. Ganizirani zimene zili pa kachitupa kaja: nkhope ya mwana wanu, dzina lonse, tsiku lobadwa, ndi nambala imene amalembetsera simu khadi komanso kutsegulira akaunti ku banki. Tonsefe timawadziwa anthu oimba foni aja, otitchula dzina lathu molondola n'kunena kuti atitumizira ndalama molakwika. Sindifuna kuti tiziwadyetsa ndi manja athu. Palinso china chimene anthu sachiona: m'kati mwa chithunzi foni imasunga tsiku, mtundu wa foni, ndipo ngati Location inali yoyatsa, malo enieni amene munajambulira. Ndiye kuti nyumba yanu ya ku Chibavi imapita limodzi ndi fayiloyo. Bandulo nayo imadyedwa kawiri, potumiza ndi potsitsa.

Chosangalatsa n'chakuti ntchitoyi itheka pa foni ya mng'ono wanu yomweyo, popanda intaneti. Atsegule chithunzicho, adine Share, asankhe Save to Files. Kenako alowe mu Files, agwire fayiloyo ndi chala kwa kanthawi mpaka mndandanda utuluke, adine Quick Actions, Convert Image, JPEG. Foni imufunsa kukula kwake, asankhe Large. Zimenezi zilipo kuyambira iOS 16. Akatero akutumizireninso ngati Document. Ndipo kuti vutoli lisabwerenso, apite ku Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, zithunzi zonse za m'tsogolo zizidzakhala JPG.

Ngati foni yake ndi yakale, akutumizireni pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, osati Document, chifukwa potero WhatsApp imachisandutsa JPG yokha. Koma imachifinya kwambiri, ndiye adine kachizindikiro ka HD pamwamba asanatumize.

Apa ndifotokoze pang'ono za kufinyako, chifukwa n'kumene kumawononga masatifiketi ambiri. JPG imachepetsa fayilo potaya tina ndi tina timene diso silingatione msanga. Imadula chithunzi m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kusalaza kabokosi kalikonse. Pa nkhope ya munthu kapena pa mtengo simudziwa kuti pachoka kanthu. Pa zilembo zing'onozing'ono ndiye pamaonekera: m'mbali mwa chilembo mumatuluka utsi, 3 amayamba kufanana ndi 8. Nthawi iliyonse imene JPG yatsegulidwa, kukonzedwa n'kusungidwanso, imatayanso zina, ndipo zotayikazo sizibwerera ngakhale mutaisandutsa PNG, mtundu wina wa fayilo ya chithunzi. N'chifukwa chake fayilo yoyambirira muisunge osaikhudza, muzisintha kope lake.

PNG yokhayo, imene inabwera mu 1996, sitaya kanthu ndipo imalola kuti kumbuyo kwa chithunzi kukhale koonekera. Ndi ya ma logo ndi zojambula. Ndinazionera pa chikwangwani cha msonkhano wa amayi a kutchalitchi kwathu: logo inasinthidwa kukhala JPG, ndiye pa nsalu yobiriwira inatuluka itakhala m'bokosi loyera ngati chigamba. Satifiketi yojambula ndi foni siifuna PNG, ingolemera chabe.

Tsamba likanena kuti fayilo yakula kwambiri, gwiritsani ntchito Squoosh, yopangidwa ndi a Google. Mumailowa pa intaneti ngati masamba enawo, koma chithunzi chimakonzedwa m'foni mwanu momwemo, sichipita kwina. Imaonetsa chakale kumanzere, chatsopano kumanja, ndi kulemera kwake m'munsi, ndiye mumachepetsa pang'onopang'ono mukuyang'ana zilembo.

Komatu Mayi, ndikanakhala ine, ndikanangojambulanso. Ngati foni yanu ndi ya Android, kaya Tecno kaya Itel, imatulutsa JPG kale. Pukutani galasi la kamera ndi nsonga ya chitenje. Yalani satifiketi patebulo pafupi ndi zenera m'mawa, nyali ya foni ikhale yozimitsa. Mitambo yathu ya ku Mzuzu kuno imathandiza, chifukwa kuwala kwake kumabwera kofewa, kopanda mthunzi wa dzanja. Foni ikhale pamwamba penipeni, yosapendekeka, ngodya zinayi zonse za pepala zioneke. Mukajambula kulitsani chithunzi ndi zala mpaka pa nambala ya satifiketi ndi magiredi. Ngati inu mukuwerenga bwinobwino, wolemba ntchito nayenso awerenga.

Chomaliza, bwererani pamalo osindikizira aja. Mafayilo a mwana wanu mwina akadali pa kompyuta yawo, mu Downloads. Mum'pemphe mnyamatayo awafufute inu mukuona, ndi mu Recycle Bin momwe.

Mundilembere mmene zayendera, ndipo mwanayo mum'patse mafuno anga abwino.