Akangaude a m'nyumba mwanga ndinasiya kulimbana nawo

Mayi wina wanditumizira imelo kuti akangaude amutopetsa: akasesa lero, mkucha ukonde wabwerera pakona pomwepo. Akufunsa ngati apopere mankhwala nyumba yonse.

Mayi, mwandikumbutsa zakale. Nditangokwatiwa, apongozi anga anabwera kudzationa ku Chilomoni. Ndinakolopa, makatani ndinachapa, nkhuku ndinapha. Iwo atangokhala anakweza maso kudenga, n'kufunsa pansipansi, "Tsache lalitali mulibe muno?" Nsima sinatsike tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo ndinkasesa kudenga Loweruka lililonse ngati ndalembedwa ganyu, mpaka usiku wina magetsi atazima ndinawunikira tochi pakona n'kuona udzudzu utatu utakulungidwa mu ukonde. Tsache ndinaliika pansi.

Akangaude amiyendo yaitali yowonda aja nyumba zathu anazizolowera kalekale. Pakona sipafika mphepo, mvula kapena mbalame, ndipo babu lomwe timayatsa madzulo limawaitanira ndiwo: udzudzu, ntchentche, ngumbi mvula ikagwa. Chakudya chikasowa amapirira masabata ambiri. Mukakhudza ukonde wake amadzigwedeza mothamanga mpaka osaoneka bwino, ndipo wamkazi amanyamula mazira ake kukamwa ngati kampira. Ndiye pali aphwatalala aja obisala kuseri kwa kalendala, othamanga chammbali. Amenewo saluka ukonde, amasaka usiku pakhoma. Mwamuna wanga, bambo wandevu zake, amawaopa kuposa njoka. Musamuuze kuti ndalemba.

Mitundu ya akangaude yodziwika padziko imaposa 50,000, ndipo yoopsa kwa munthu ndi yochepa kwambiri. Kunyanja ya Victoria, ku Kenya ndi Uganda, kuli kakangaude kodumpha kotchedwa Evarcha culicivora komwe kamachita kusankha udzudzu womwe wakhuta magazi. Ife malungo akutisautsa chaka ndi chaka, koma tili kalikiliki kupha odya udzudzu chifukwa choopa maso a alendo! Zimandinyansa. Neti yokha musasiye, kangaude sangamalize udzudzu wonse.

Nanga mupopere?

Ayi, ndalamazo gulirani sopo. Sesani ukonde wakale wogwira fumbi, enawo asiyeni. Wosamala naye ndi wabulawuni wamimba yozungulira, wa chizindikiro cha olenji kumimba, yemwe timatumba ta mazira ake tili ndi timinga. Amakonda kunsi kwa mipando yapakhonde ndi m'zidebe zosiyidwa. Ameneyo mchotseni ndi mtengo, osati dzanja, ndipo akaluma mwana thamangirani kuchipatala.