Bwanji katundu amafika pageti ku Area 47 koma osati ku Mtandire?

Mayi ena a ku Mtandire andilembera imelo. Akuti amagula nsapato kwa ogulitsa a pa WhatsApp a ku Blantyre, koma katunduyo akafika mu Lilongwe amauzidwa kuti akatenge okha ku ofesi ya kampani yonyamula katundu, pomwe abwana awo a ku Area 47, komwe n'kufupi kwenikweni, amawabweretsera mpaka pageti. Akufunsa kuti: kodi n'kutinyoza?

Mayi, kunyozako mwina kulipo, koma gwero lake ndi mmene mzindawu unamangidwira. Lilongwe atakhala likulu mu 1975, madera monga Area 10 ndi 43 anadulidwa mapuloti a manambala. Anthu obwera kudzasaka maganyu anadzipezera okha pomanga ku Mtandire, Kauma ndi Chinsapo. Dalaivala akapita ku 47 amangoyang'ana nambala pageti. Kwanuko ayimbe foni kangapo, mumuuze kuti "mukafika pachigayo mukhotere kumanzere", ndipo dzinja galimoto ititimire m'matope. Mafuta ndi nthawi zapita pa kaphukusi kamodzi.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Eni makampani amati m'madera otere mulibe makasitomala. Adziwa bwanji? Inu mukatenga katundu ku ofesi, kapena mukalembetsa adilesi ya kuntchito, m'mabuku mwawo simulembedwa Mtandire ayi. Mumalembedwa Old Town kapena 47 yemweyo. Ndiye akamakonza njira za galimoto zawo amaona ngati kwanuko palibe amene amagula, nthambi n'kukaitsegula kwina, inu n'kumakwerabe minibasi. Osauka amalipira kawiri: yotumizira ndi yokatengera.

Musaganize kuti n'zakuno kokha. Mu 2016 atolankhani a Bloomberg anapeza kuti Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, inkapereka katundu tsiku lomwelo mu mzinda wonse wa Boston ku America kupatula Roxbury, dera lomwe mumakhala anthu akuda ambiri. Anthu atakwiya, kampaniyo inasintha. Kumenekotu misewu ndi ma adilesi zinalipo kale.

MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga ndi makalata, inayamba ntchito yopatsa misewu mayina ndi nyumba manambala, ndipo ikafika bwinobwino m'makwalala ithandiza. Pakadali pano amene agwira msikawu ndi anyamata a kabaza, omwe amadziwa chigayo chilichonse. Pezani mmodzi wodalirika, muzimutumizira location pa WhatsApp, mtengo mugwirizane asananyamuke. Ndipo wogulitsayo muzimuuza alembe Mtandire paphukusipo, ngakhale mukakatenge nokha ku ofesi.