Vaisi ya mipeni: mugule kapena mudzipangire? Yankho kwa m'bale wa ku Katete

M'bale wanga wa ku Katete, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma foni inali itatha moto, ndiye ndikuyankha lero. Mwati mwayamba kusula mipeni kuseri kwa nyumba, mwagulitsa soya n'kutsalako ndi tindalama, ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi bwino kugula vaisi, chida chopanira chitsulo pogwira ntchito, ndi zida zina kapena kudzipangira. Ndaona ena akukuuzani kuti kwerani basi mukagule zonse ku Lusaka, ena akuti wosula weniweni sagula chida. Ine ndinaphunzira kupopa mvukuto kwa amalume anga ku Chadiza ndili mnyamata, ndipo lero ndili ndi kashedi kanga kuno ku Chipata. Mbali zonse ziwiri zandidyerapo ndalama, choncho ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Muyezo wanga ndi uwu: chida chimene ntchito yake ndi kugwira chabe, dzipangireni. Chida chimene chimazungulira mothamanga, kapena choteteza maso anu, gulani, ndipo musachite nacho nthabwala. Vaisi imavuta chifukwa dzina ndi limodzi koma zida ndi ziwiri.

Pali vaisi yaikulu ya pa benchi, yopanira chitsulo pocheka ndi popinda. Imeneyi musavutike kupanga. Mtima wake ndi chibawuti chija chotsegula ndi kutseka, ndipo mazinga ake si wamba, ndi otakata, aphwatalala pamwamba, opangidwira kukoka katundu wolemera tsiku ndi tsiku. Threaded rod ya ku hardware, chitsulo chachitali chija chonga bawuti yopanda mutu, ili ndi mazinga osongoka, ang'onoang'ono. Ya M16 ikazungulira kamodzi imayenda mamilimita 2 okha, ndiye muzipukusa mpaka dzanja kulema, ndipo mukamangitsa kawirikawiri mazingawo amadyeka. Ngati mwaumirira kupanga, pezani jeke ya galimoto yaing'ono, ija yotseguka ngati sizasi, muchotsemo chibawuti ndi nati yake. Imeneyo ndiye ili ndi mazinga oyenera. Komabe mukawerengera ma rod owotcherera, ma disc odulira ndi masiku amene atayike, mudzapeza kuti vaisi yakale yogula kwa munthu ikanakutsikirani mtengo.

Ndati yakale, ndipo ndanena dala. Yanga yoyamba ndinagula yatsopano m'sitolo ina m'tauni muno, yopaka penti wa buluu wonyezimira, yotsika mtengo mokayikitsa. Sabata yachitatu ndinapanapo sipuring'i ya galimoto kuti ndiiwongole, n'kumenya ndi hamala kawiri. Kachitatu ndinangomva kuti "thwa!", chibwano chakutsogolo chili pansi, mkati mwake motuwa ngati mchenga wonyowa. Mavaisi ambiri otchipa ndi a cast iron, chitsulo chothira m'chikombole ngati cha nsimbi ya malasha kapena mphika wa miyendo itatu. Chimapirira kupanikizidwa, koma kumenyedwa sichifuna, chimangosweka osayamba chapindika. Mlandu unali wanga ndithu, vaisi si chipala. Osula akale anali ndi vaisi ina ya mwendo wautali wofika pansi, yosulidwa osati yothiridwa, kuti mphamvu ya nyundo izitsikira m'nthaka. Mukadzaipeza pa famu yakale kapena pa mishoni itagona m'udzu, musachite manyazi, funsani mtengo.

Pogula yakale, dzimbiri lisakuopseni, limachoka ndi burashi ya waya ndi mafuta. Itseguleni mpaka kumapeto muone ngati mazinga ali onse. Gwedezani chibwano, chisamachite gwedegwede kwambiri. Ikani kapepala pakati mutseke, mukoke mbali iyi ndi iyo. Ngati mbali imodzi kakutuluka, zibwano sizikukumana. Kenaka igogodeni pang'ono ndi kasipanala. Yabwino imalira ngati belu, yong'aluka imalira ngati mphika wosweka. Ndipo mukaona penti watsopano pamalo amodzi okha, palani ndi chikhadabo, kawirikawiri pansi pake pamakhala powotcherera.

Tsopano vaisi yachiwiri, ya mipeni yeniyeniyo, imene ndikuganiza kuti ndiyo mwaiona pa YouTube. Iyi ndiye musataye ngakhale ngwee kuitanitsa kunja. Ntchito yake ndi kugwira mpeni kumsonga kuti chogwirira chikhale pamtunda, muzitha kuchitembenuza mbali zonse pamene mukusema ndi tupa ndi kukwecha ndi sandpaper. Simenyedwa, sinyamula cholemera. Ndi mapaipi awiri basi.

Yanga ndinapanga motere. Ndinatenga paipi ya mamilimita ngati 60 m'mimba mwake, yotalika ngati chikhatho, ndi ina yocheperako yolowa mkati mwake mosakhwepa kwambiri, yotalikirapo. Pa yakunja ndinaboola bowo, n'kuwotchererapo nati ya M12, kuti bawuti ikalowa izimanga paipi yamkati isazungulire. Pansi pake ndinawotcherera kachidutswa ka angle iron komwe ndimapana m'vaisi yaikulu. Ngati mulibe yaikuluyo, boolani mabowo awiri mukhomere pa benchi. Pa paipi yamkati, kumapeto kotulukira kunja, ndinaikanso nati ziwiri ndi mabawuti ake. Mkatimo mumalowa timatabwa tiwiri ta mlombwa tosemedwa ngati chinangwa chong'ambidwa pakati, ndipo kumaso kwake ndinamata chikopa cha lamba wakale wa ku salaula. Chubu cha njinga ya moto chimagwiranso ntchito. Pamsana pa kathabwa kam'mwamba ikani kachitsulo kaphanthiphanthi, apo ayi bawuti idzaboola mtengo n'kuung'amba. Pamitu pa mabawuti wotchereranipo tizitsulo topingasa kuti muzimanga ndi dzanja, osafunafuna sipanala nthawi zonse.

Pali tinthu tiwiri timene ndinaphunzira nditalakwitsa. Powotcherera nati, siyani bawuti ili mkati, chifukwa nati yopanda kanthu imapindika ndi kutentha ndipo tinyenyeswa ta moto timagwera m'mazinga. Chachiwiri, ngati paipi ndi ija yotuwa ya madzi, ya galvanised, yambani mwapala zinc yense pamalo powotcherera, ndipo chitirani panja. Utsi wake woyera uja umadwalitsa, usiku umanjenjemera ndi kuphwanya thupi n'kumayesa malungo. Ntchito yonseyi ndi ya masana amodzi. Ngati mulibe makina owotcherera, dulani ndi kuboola nokha, kenaka pitani nazo kwa anyamata opanga mageti ndi mafelemu a mawindo, akulumikizirani pa mtengo wa chakudya cha masana.

Chenjezo limodzi pa kavaisi kameneka: mpeni wotulukira pa benchi suona kuti uyu ndi mwini wake. Mukachoka pang'ono, ngakhale kukamwa madzi, uchotseni kapena vekani nsongayo kachidutswa ka paipi ya pulasitiki. Pakhomo pali ana, ndipo kutalika kwa benchi ndi kumene kuli nkhope zawo.

Zina zodzipangira sindichedwapo. Chipala: mutu wa hamala yaikulu yoswera miyala, kuuzika m'chitsa cha tsanya kapena muwanga, ukukwanirani pa mipeni, chifukwa malo amene mumamenyapo saposa chikhatho. Ambiri amathamangira chitsulo cha njanji. Chodula kale chogulidwa mwachilungamo kwa ogulitsa sikirapu n'chabwino, koma wina akakunong'onezani kuti akupezerani, kanani. Njanji ya Chipata–Mchinji ija inatsegulidwa mu 2010 itatenga zaka zambirimbiri, ndipo kukhudza chitsulo chake ndi mlandu wa kundende. Ng'anjo: dothi la pachulu ndi njerwa, paipi yakuda yolowetsa mphepo. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi ukugwirabe ntchito m'midzi, koma ine ndimakonda chopemerera choyendetsedwa ndi gudumu la njinga ndi lamba wa malegeni. Kuno njinga zakufa sizisowa, paja fakitale ya njinga ya Luangwa Industries inali mom'muno. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, anzanga a ma blower a magetsi anali kungokhala pa mpando, ine gudumu likuzungulira. Mbaniro sulani nokha ndi chitsulo cha konkire. Zoyamba zidzakhala zonyansa, komabe ndi sukulu yabwino kuposa mpeni.

Palinso kachida kamene sindikumvetsa chifukwa chake anthu sakatchula: kothandiza kupala mbali za mpeni mofanana. Thabwa lalitali, kumapeto kwake bawuti ya mutu wa mphete yoimirira, ndi kachitsulo kozungulira kotalika kolowa m'mpheteyo. Tupa mumaimangirira ku kachitsuloko, mpeni mumaukhomera chogona kumapeto ena a thabwa. Mukakweza kapena kutsitsa mphete, kupendekeka kwa tupa kumasintha, ndipo mbali zonse ziwiri zimatuluka ngati mapasa. N'kochedwa, mpeni umodzi ungakudyereni madzulo awiri, koma sikafuna magetsi ndipo sikatenthetsa chitsulo.

Tsopano zogula. Girainda ya m'manja gulani ya dzina lodziwika, Makita kapena Bosch ngati thumba lilola, kapena ina iliyonse imene ma brush a kaboni a m'mota yake mungawapeze m'tauni. Yaing'ono ya disc ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Taganizani liwiro limenelo disc ikasweka. N'chifukwa chake chotchinga chake sichichotsedwa, ndipo disc yaikulu yotsala ya girainda ya 230 siikidwa pa yaing'ono ngakhale italowa, popeza inapangidwira liwiro lochepera. Ma disc amakhala ndi chaka chothera ntchito chodindidwa pa kachitsulo ka pakati. Ambiri sitiyang'ana, koma yang'anani.

Ndinayesapo nzeru zopanga chonolera changa ndi mota yakale ndi mwala wogula pa msika, wopanda pepala losonyeza liwiro lake. Masiku anayi unayenda bwino, ine n'kumadzitama kwa aliyense wodutsa. Lachisanu m'mawa nditangoyatsa, mwala unagawika patatu. Chidutswa chimodzi chinaboola lata la denga, china chinakhadzula ndowa imene inali pafupi ndi mwendo wanga. Bowo la padengalo sindinatseke mpaka lero, dzuwa likamalowera pamenepo masana ndimakumbukira. Mota sinalakwe, ndinalakwa ndine poika mwala umene sindinadziwe malire ake, popanda chotchinga.

Magalasi a maso, chigoba chowotcherera ndi chotseka mphuno, gulani musanagule china chilichonse. Fumbi la mlombwa ndi la chitsulo silioneka kuopsa lero. Matupa gulani atsopano, awiri kapena atatu abwino aposa khumi otchipa, ndipo akatha musataye, tupa yakale yabwino imatuluka mpeni wakuthwa zedi. Kungoti ena otchipa ndi olimba kunja kokha. Dulani kachidutswa, kawotcheni, kaviikeni, kenaka kapaneni n'kukamenya mutavala magalasi: kakathyoka ngati galasi ndi chitsulo chabwino, kakapindika ndi chachabe. Ma bit oboolera nawonso ndi ogula. Boolani mabowo a chogwirira musanaumitse mpeni, ndipo muupane kaye, chifukwa bit ikakodwa mpeni umazungulira ngati mapiko a helikopita, dzanja lili pomwepo.

Mwatchulanso makina aja a lamba wa sandpaper amene azungu amagwiritsa ntchito, a mainchesi 2 kwa 72. Kupanga kwake n'kotheka, ndaonapo anyamata aluso atapanga ndi ma bearing ndi square tube. Koma funsani kaye kuti malambawo muziwagula kuti. Ine m'masitolo a ku Down Shops sindinawapezepo, ndipo lamba amatha msanga. Mudzakhala ndi chimakina chokongola chodikira katundu wochokera ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550 kufika kuno ku Chipata, kapena ku South Africa. Lilongwe ili pafupi kudzera pa Mwami, inde, koma kuwoloka malire chifukwa cha lamba mmodzi ndi masamu osatuluka. Flap disc (disc ya tizidutswa ta sandpaper) pa girainda, tupa ndi sandpaper ya m'manja zikufikitsani kutali musanafune makina amenewo.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukukokani khutu pang'ono monga mkulu wanu. Kupanga zida kumakoma, mwina kuposa kusula mipeni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine pali chaka china chimene ndinapanga vaisi ziwiri, choboolera choimika ndi ngolo yonyamulira malasha, koma mipeni yogulitsa sinakwane khumi. Pamene amayi ogulitsa nsomba ku Kapata ndi anyamata ootcha nyama safunsa kuti vaisi yanu ndi yotani. Amayesa mpeni pa chala chachikulu, kenaka amabwera mwezi wamawa kudzakuuzani ngati ukubuntha msanga.

Kusabuntha kumeneko sikuchokera m'chida chogula. Sipuring'i ya galimoto muiwotche mpaka maginito a sipika yakale aleke kuigwira, apo ndi pafupifupi madigiri 770, muonjezere kutentha pang'ono pokha, n'kuviika m'saladi (mafuta ophikira) wofunda, osati m'madzi, madzi amang'alula. Chitani madzulo kuti muone bwino mtundu wa moto. Tupa ikamaterereka pa mpeni osaluma, walimba. Ukatero ndi wosachedwa kuthyoka, choncho upaleni uwale, muutenthetse pang'onopang'ono kuchokera kumsana mpaka kukamwa kwake kusanduke mtundu wa udzu wouma wofolerera nyumba. Kukafika pa buluu mwapitiriza, wafewa.

Ndalama za soyazo, ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi magalasi, matupa, girainda yaing'ono, kenaka n'kuyamba kufunsafunsa vaisi yakale m'magalaja ndi kwa ogulitsa sikirapu, osafulumira. Kavaisi ka mapaipi pangani Loweruka likubwerali. Mukakhala ndi mpata wobwera ku Chipata, ndilembereni ku inbox mudzaone yanga ndi kuyeza ndi tepi. Ndili ndi zidutswa za mlombwa zotsala pa chitseko, mudzatengeko ziwiri. Mubwere ndi mpeni umodzi mwa imene mwasula kale, ndikufuna ndidzauyese ndi tupa.