Za mendulo yapezeka m'sutikesi ya amalume

Eee, msuweni, ndi ine. Uthenga wako ndauona m'mawa, koma ndinali kudimba, tikukumba mbatatesi, manja anali matope okhaokha. Kulemba sinditha, zala zatopa, ungomvera mawu. Akuluakulu amene muli pagulu pano pepani, nditalikitsa pang'ono.

Wafunsa kuti mendulo mwaipeza m'sutikesi ya malemu amalume ija ndi yasiliva kodi, komanso inachokera sukulu iti. Chabwino. Koma iwe ndimakudziwa kuyambira tikudyera mbale imodzi pakhonde la agogo. Zithunzi watumiza zitatu, ziwiri ndi za kumbuyo kwake, pamene pali zilembo paja. Munthu wofuna kudziwa za siliva sajambula zilembo kawiri ayi. Waona kuti zilembozo sizikugwirizana ndi dzina la agogo aamuna, mtima wakugunda, ndiye wachita manyazi kufunsa pamaso pa akuluakulu. Dzuwa la ku Tete lakudetsa nkhope koma manyazi silinakuchotse, mwamuna wanga iwe.

Tiyambe ndi za silivazo, poti ndi zimene walemba. Tenga maginito uyandikize. Ikamata, ndi chitsulo wamba. Ikapanda kumata usayambe kuvina, pakuti mkuwanso sumata maginito. Uyang'ane mmene yadera: siliva akakalamba amada bii ngati mwaye, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira. Kenako pa kamphete kolowetsa chingwe paja, kapena m'mphepete, ufunefune kachidindo kakang'ono ngati njere ya mawere. Ukuze ndi foni, panja, masana. Apwitikizi siliva wawo ankamudinda asanamugulitse, ku Lisboa kapena ku Porto. Kuyambira 1887 mpaka 1937 chidindo chofala chinali cha nguluwe, kuyambira 1938 cha mbalame, ndi nambala 833 kapena 916. Ukaona kambalame pamodzi ndi nambala imeneyo ndiye kuti ndi siliva ndithu, ndipo inadindidwa 1938 itakwana kale.

Za sukulu... apa mpamene anthu amasokera. Amayang'anitsitsa kutsogolo, pamene pali nkhata ya masamba ndi mawu oti Ao Mérito, kutanthauza kuti kwa wochita bwino. Kutsogoloko sikungakuuze sukulu. Mendulo zotere ankaziumba zambirimbiri ndi chikombole chimodzi, sukulu iliyonse n'kugula zake, kenako munthu n'kuzokota dzina ndi chaka kumbuyo ndi dzanja. Uone bwino, mawu a kutsogolo ndi otukuka, osalala, a kumbuyo ndi olowa m'kati, ena opendekeka. Nkhani yathu ili kumbuyoko. Ungoonetsetsa ngati pena palembedwa Colónia, chifukwa dzina limenelo boma linalisiya mu 1951 n'kuyamba kunena kuti Província. Chisoti chachifumu palibe, ndaona, ndiye si ya nthawi ya mafumu awo, amene anatha mu 1910.

Pamwamba paja pali IHS m'kati mwa dzuwa. Akatolika ambiri amalemba IHS, inde, koma ya m'dzuwa yotere ndi chizindikiro cha ansembe a gulu la Ajezuiti, ndipo kuno ku Angónia mishoni zinali zawo. Anathamangitsidwa ufumu utagwa ku Portugal, anadzabwereranso ku Lifidzi mu 1941, Fonte Boa n'kutsegula mu 1945. Chaka cha pamenduloyo chatsala 194, nambala yomaliza inafufutika. Ndiye ukaphatikiza...

Dikira. Kufufutikako ndikuuze kaye, chifukwa ndinalipo. Iwe unali usanayambe n'kukwawa komwe.

Amalume anga aja, bambo ako aang'ono iwe, Mulungu awasunge. Mu 1986 pamene tinathawa nkhondo usiku uja, sitinanyamule kanthu koma mabulangete ndi poto mmodzi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinabereka mng'ono wanga mpaka msana kuchita dzanzi. Tinatulukira ku Kalomwe... ayi, ndanama, ku Kalomwe kunali kobwerera. Popita tinadzera kumapiri, n'kutsikira mbali ya Dedza kukucha. Tsono kutatsala masiku awiri kuti tithawe, agogo aamuna anali atakwirira chitini cha mkaka pansi pa mtengo wa mapichesi, kuseri kwa nkhokwe. Atatha masabata atatu tili kumsasa, agogo aamuna anasiya kudya bwino. Akakhala pamwala, maso ali kwathu. Palibe anawafunsa, onse ankati ndi ng'ombe zija akulira.

M'mawa wina tikudzuka amalume palibe. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Agogo aakazi anayamba kulira maliro enieni, amayi anamanga kale nsalu m'chiuno. Nthawi imeneyo wobwerera kumudzi ankapita kukatenga chimanga, ndipo ambiri sankabwerako, njira zinali ndi mabomba okwirira, kutchire kuli anthu amfuti. Tsiku lachinayi madzulo tikuona munthu akutsika phiri, mapazi atatupa ngati maungu, malaya atang'ambika. Chimanga alibe. Mbuzi alibe. Wanyamula chitini cha mkaka ndi khasu lopanda mpini.

Iii, agogo aakazi! Anawamenya ndi chipande kwinaku akuwakumbatira. Akuti mwana iwe ukafere chitini? Amalume osayankha, anangopita kukagwada pamaso pa bambo awo n'kupereka ndi manja awiri. Ankayenda usiku wokha, masana akugona m'ngalande, anadzatiuza patapita zaka. Nyumba anaipeza itapsa, nkhokwe itapsa, mtengo wa mapichesi wokha ndi umene unawasonyeza pokumba. M'chitinimo munali chitupa cha agogo, caderneta ija ya nthawi ya atsamunda, korona wa agogo aakazi, timakobiri ta eskudo timene tinali titatha kale ntchito kuyambira 1980 pamene metikali inabwera, ndi menduloyo, itakulungidwa m'kansanza ka biriwita. Usiku umenewo agogo anadya nsima mitanda itatu. Ndinawerenga ndine.

Ndiye kunadzabwera chilala cha 1992. Ufa wa thandizo unkafika, koma pakamwa panali pambiri, ana a amayi aakulu aja anali atabwera kudzakhala nafe, za chifukwa chake mukuzidziwa. Munthu wina wamalonda ku Lizulu anauza amalume kuti zinthu zakale za Apwitikizi amagula, akhoza kupereka chimanga. Amalume anatenga menduloyo osauza munthu. Ine ndinawapeza kuseri kwa bafa, ali ndi phulusa, mchenga wa kumtsinje ndi ndimu, akukwecha. Akuti iwale kuti mtengo ukwere. Anandiuza kuti ukanena ndikudula makutu. Anakwecha mpaka inawala ngati supuni yatsopano. M'mawa anakwera njinga, ulendo wa ku Lizulu.

Anabwera usiku, wapansi, thumba la chimanga pamutu. Mendulo ili m'thumba la malaya. Anagulitsa njinga. Njinga ija, msuweni, imene ankaipukuta Lamulungu lililonse, imene ngakhale bambo ako sankaloledwa kuikhudza belu. Akuti anafika pamaso pa wamalonda uja, anaitulutsa, munthuyo anaiika padzanja kuiyeza kulemera, ndipo iwo mtima unawawawa ngati akugulitsa munthu. Anailanda n'kunena kuti tengani njinga.

Hmm. Pepani, ndikayamba za amalume mawu amandithawa. Ndimwe madzi kaye.

Eya. Tsono anakaibweza kwa agogo n'kuulula zonse. Agogo anaitenga, anaiyandikiza ku koloboyi, anaitembenuza. Sanakalipe. Anangoyendetsa chala pamene panali chaka paja n'kunena kuti, wafufuta chaka cha akulu anga.

Wamva? Akulu anga. Sanati chaka changa.

Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zoposa makumi atatu. Menduloyo si ya agogo athu. Ndi ya akulu awo, agogo aja anapita ku migodi ya ku Wankie, ku Rhodesia, n'kusanduka mtchona, amene dzina lawo silinkatchulidwa pakhomo chifukwa cha nkhani ija ya ng'ombe ziwiri. Ndipo agogo sananamize munthu. Ine sindinawamvepo akunena kuti ndinapambana ndine. Ndife adzukulu tinkakanenerera kusukulu kuti agogo athu analandira mendulo kwa ansembe, iwo ankangomwetulira n'kuyang'ana kumbali.

Werengera wekha, si ndiwe wa masamu pabanja pano? Chitupa chija chikuti agogo anabadwa 1938. Ngakhale nambala yofufutikayo ikhale 9, anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo iwo eni ankanena kuti sukulu anayamba mochedwa, atatopa n'kuweta ng'ombe, mawu atayamba kale kukula. Masiku amenewo, boma litapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika mu 1940 ndi 1941, mwana wakumudzi ankayamba ndi imene ankaitcha ensino rudimentar, kuphunzira Chipwitikizi, katekisimu ndi kulima munda wa sukulu. Wofika quarta classe, kalasi yachinayi, anali wosowa, mudzi wonse unkamudziwa. Agogo ankati kusukulu yawo ya kumudzi wokhoza ankalandira kabuku ka mapemphero kapena korona. Mendulo yozokota dzina ndi ya mwana amene anakafika ku mishoni kwenikweni n'kuposa anzake kumeneko. Akulu awo ndi amene anakagonera ku mishoni, zimenezi amayi anandiuza. Zilembo zija ndikukhulupirira kuti ndi za dzina lawo la ubatizo, lija la Chipwitikizi limene kumudzi sankaitanira.

Ndiye usachite mantha kuti mwina agogo anatola, kapena anachita kugula, kapena zina zija waganiza usiku. Ayi. Mng'ono anasungira mkulu wake chinthu, kudikira kuti adzabwera adzatenge. Anakwirira, anadwala nacho mtima kumsasa, mwana wake anakachitenga pakati pa mabomba. Eni ake sanabwere.

Chochita tsopano. Usaikweche, ndapota nawe. Usaiike mu Coca-Cola, usaipake mankhwala otsukira mano, zimene anyamata a ku Moatize akuuza. Kuda kumene yadanso kuja kusiye, kumathandiza kuti timizere totsala tioneke. Uijambule m'mawa dzuwa likuchokera m'mbali, chithunzithunzi cha nambala yofufutikayo mwina chioneka. Uikulunge m'kansalu kouma, osati m'pulasitiki. Ndipo bambo uja wati akufuna kuiona kuti akuuze mtengo, umuuze kuti eni ake akana.

Mabuku aliko. Ku parishi amasunga mabuku a ubatizo, amalemba dzina la mwana, la bambo, la mayi, mudzi ndi amene anamuimira. Amenewo ndiwo oyamba kufunsa, ku Lifidzi, tikapita ndi dzina la makolo a agogo. A sukulu ndi ovutirapo, poti sukulu za mishoni boma linazitenga pa 24 Julaye 1975, kenako nkhondo inamwaza mapepala ambiri. Iwe uli pafupi ndi kwa bishopu ku Tete, ukhoza kukafunsa. Ungodziwa kuti dayosizi ya Tete inayamba 1962, m'mbuyomo kuno kunali pansi pa Beira, ndiye zakale zina akhoza kukulozera kumeneko. Ku Maputo kulinso Arquivo Histórico, kosungirako mapepala akale a dziko, mlamu wako angapiteko ngati zitafika pamenepo.

Koma zonsezo ndi zapambuyo. Buku likuuza dzina ndi tsiku basi. Amene anaona menduloyo ikusiyidwa m'manja mwa agogo ndi mmodzi yekha watsala, agogo aakazi a ku Domwe, mlongo wawo. Anali kamtsikana pamene akulu awo ankanyamuka. Maso achita khungu koma mutu uli bwinobwino, mwezi watha anandiwerengera ana a mbumba yonse osaphonya. Uwaike menduloyo padzanja, osawauza kanthu, uone dzina limene atchule. Ine ndikudziwa limene atchule. Si ya agogo athu, msuweni, ndi ya akulu awo, ndipo ndikufuna umve kuchokera pakamwa pa mlongo wawo, osati pa ine ndekha.

Bambo ako ali pagulu pano, ndikuona amvera. Amalume, ngati ndalakwa kutchula zimene sizinkatchulidwa mundikhululukire, koma ana akufunsa, ndipo nkhani ya ng'ombe ija eni ake onse anagona. Munthu uja anali ndi nzeru, dzina lake lilembedwe m'buku la banja pamodzi ndi ena.

Ubwere mvula isanayambe, msewu wa ku Domwe ukudziwa mmene umakhalira. Ukwere chapa, minibasi ya m'mawa kwambiri, ukafika pa Mussacama undiimbire, ndikakudikira pa Vila Ulongwe. Utenge jekete, kuno si ku Tete, ungadzanjenjemere ngati ulendo uja. Ugulenso nsomba za chikowa ziwiri zikuluzikulu, agogo amazikonda, ndi shuga. Foni yako ija ikhale yodzaza moto, tikawajambule mawu. Loweruka likubwerali ine ndilibe ntchito.