Mwana wanga wabwera akulira ataphunzira za tsankho, ndimutulutse m'kalasi?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Tennessee, ku America, wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 8 anabwera kunyumba akulira ataphunzira za Ruby Bridges, ndiye akufunsa ngati akapemphe aphunzitsi kuti azimutulutsa kaye akamaphunzitsa za tsankho, poti iwo ndi Amalawi, nkhani za ku America zimenezi si zawo.

Mayi, pepani kwambiri, palibe kholo limene mtima ungakhale m'malo mwana akulira chonchi. Koma chonde musamutulutse ayi.

Ruby Bridges, mwana wakuda, anali ndi zaka 6 zokha, wocheperapo kuposa wanuyo, pomwe analowa pa William Frantz Elementary, sukulu yomwe inali ya azungu okhaokha ku New Orleans, pa 14 November 1960. Khoti lalikulu linali litagamula kale mu 1954 kuti kusankhana mitundu m'masukulu a boma ndi kuphwanya malamulo, koma zaka zinangodutsa anthu akukanabe, ndiye kamtsikanaka kankachita kuperekezedwa ndi apolisi a boma anthu akukuwa ndi kutukwana panja, makolo achizungu ambiri anachotsa ana awo, ndipo mphunzitsi mmodzi, Barbara Henry, ndi amene ankamuphunzitsa yekhayekha m'kalasi chaka chonse. Ruby ameneyu alipo mpaka pano, anabadwa mu 1954, ndi msinkhu wa agogo ake a mwana wanuyo. Mwana akalira atamva zimenezi ndiye kuti wamva bwinobwino, mtima wake uli moyo.

Tsopano izi mukuti si zathuzi, apa ndiye sindikugwirizana nanu. Mwana wanu akakwera basi kapena akalowa m'shopu palibe amene amamufunsa pasipoti, amangoona mwana wakuda basi. Komanso taonani madeti. Lamulo la ku America loletsa tsankho, la Civil Rights Act, analisayina pa 2 July 1964, ife tinalandira ufulu pa 6 July chaka chomwecho, masiku 4 okha pakati. Mu 1965 kunabwera lamulo loteteza voti ya anthu akuda, ndipo chaka chomwecho America inasintha lamulo la olowa m'dziko, kuchotsa dongosolo lakale lomwe linkakondera anthu a kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya. Khomo limene ambiri a ku Africa alowera linatseguka nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu yomweyo. Ndipo John Chilembwe wathu uja anakaphunzira ku Lynchburg, Virginia, anapita mu 1897 n'kubwerako mu 1900 atathandizidwa ndi mipingo ya Baptist ya anthu akuda, kenako n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Ndiye nkhanizi zinalukana kalekale.

Ndikudziwa kuti kumene muliko nkhaniyi ndi yotentha. Mu 2021 Tennessee inakhazikitsa lamulo loika malire pa kaphunzitsidwe ka nkhani za mtundu, ndipo ku Williamson County makolo ena anadandaula ngakhale za buku la ana lonena za Ruby yemweyu. Ine zimandipweteka, chifukwa aphunzitsi ambiri tsopano amayankhula mwamantha, ndiye amene walimba mtima n'kuphunzitsa ndi wofunika kumuthokoza.

Chimene mungachite, pitani mukacheze ndi aphunzitsiwo, muwafunse kuti phunziro lotsatira ndi lotani, chifukwa mwana wa zaka 8 asamangomva za kuzunzika kokha, amvenso mmene anthu anapambanira. Ku Montgomery anthu akuda ananyanyala mabasi masiku 381, akuyenda wapansi kupita kuntchito, mpaka lamulo losankhana pamipando linagwa mu 1956. Kunyumba mumulole afunse chilichonse, ngakhale mafunso ovuta aja oti kodi anzanga achizungu amandida, mumuyankhe zoona kuti ayi, ngakhale Barbara Henry anali mzungu. Ndipo ngati muli ndi K200 yakwathu m'chikwama muonetseni nkhope ya Rose Chibambo, mumuuze kuti atsamunda anawatsekera ku Zomba mu 1959 ali ndi khanda m'manja, kenako mufunse aphunzitsi ngati angalole kuti akafotokozere anzake m'kalasi.