Kodi mawu akuti "since" amagwira ntchito motani?

Funso: Ndine wophunzira wa Folomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Pa chimangirizo cha Chingerezi ndinalemba kuti "I am living in Dedza since three years", koma aphunzitsi anadula chiganizo chonsecho ndi cholembera chofiira. Kodi ndinalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Munalakwitsa pawiri, ndipo zolakwika zimenezi n'zofala kwambiri moti zimapezeka ngakhale m'makalata ofunsira ntchito.

Mawu akuti "since" amaloza pamene chinthu chinayambira, choncho amatsatidwa ndi chaka, tsiku, ola kapena chochitika, monga "since 1964", "since Monday" kapena "since the rains began". Zaka zitatu zimene munatchulazo ndi utali wa nthawi, ndipo pamenepo pamafunika "for".

Vuto lalikulu lili pa mneni. Ife tikati "ndikukhala ku Dedza kuyambira chaka chatha", mneni amakhala m'nthawi ya tsopano ndipo palibe cholakwika, n'chifukwa chake dzanja limathamangira kulemba "I am living". Koma Chingerezi chikamanena za chinthu chomwe chinayamba kale ndipo chikupitirirabe, chimafuna "have" kapena "has", monga m'chiganizo chakuti "Lilongwe has been the capital since 1975", chaka chimene likulu la dziko lino linasamuka kuchoka ku Zomba. Chiganizo chanu chinayenera kukhala "I have lived in Dedza for three years". Dziwaninso kuti mneni wobwera pambuyo pa "since" kawirikawiri amakhala wa nthawi yakale: pomwe ife timati "chichokereni ku Blantyre sindinamuonenso", Mngerezi amati "I have not seen him since he left Blantyre".

Mawu omwewa alinso ndi tanthauzo lina losakhudza nthawi, lofanana ndi "popeza", monga "Since it is raining, we shall stay indoors". Apa m'pofunika kusamala, chifukwa wowerenga chiganizo chakuti "Since he married, he has stopped drinking" akhoza kumva kuti munthuyo anasiya mowa chikwatirireni, kapena kuti ukwatiwo ndiwo unamusiyitsa. Ine ndikukulangizani kuti pa mayeso, pamene mukupereka chifukwa, muzilemba "because", kuti wochonga asaime n'kumadzifunsa chimene mumatanthauza.