Ntchito ya pa intaneti ilibe masitepe, koma khungu limawerengera maola

Bambo wina yemwe anali dalaivala wa lole, ndipo anavulala msana chaka chatha, wandilembera kufunsa ngati magulu othandiza anthu kupeza ntchito pa intaneti angamubwezeretse pa malipiro.

Achimwene, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, chifukwa funso lomwelo linkandisowetsa tulo nditangotuluka m'chipatala minibasi itatigubuduza n'kundivulaza msana. Gulu lina la pa WhatsApp linandilumikiza ndi mwini golosale amene ankafuna womulembera mabuku a ndalama pa kompyuta, ndipo chifukwa choopa kuoneka waulesi ndinkakhala panjinga ya olumala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osadzinyamula ngakhale kamodzi. Munthu amene sakumva kuwawa kuchokera m'chiuno kupita kumapazi sachenjezedwa ndi thupi lake. Mayi a kunyumba ndi amene anaona kachigamba kakuda pathako tsiku lina akundisambitsa, ndipo kachigamba kameneko kanasanduka chilonda chimene chinandigonetsa chafufumimba miyezi itatu, ntchito ija n'kupita kwa wina.

N'chifukwa chake ndimauma mtima ndikamva anthu akulonjeza kuti laputopu ithetsa mavuto a olumala. Alangizi ambiri amakuphunzitsani kulemba kalata yofunsira ntchito, koma safunsa kuti khushoni yanu ndi yotani, kapaipi ka mkodzo mumakasamalira nthawi yanji, kapena mumatani magetsi akazima pakati pa msonkhano wa pa Zoom bandulo ili pafupi kutha. Kwa ine mlangizi wosafunsa zimenezi sanakumanepo ndi munthu wovulala msana, ngakhale atakhala ndi mapepala angati. Nanga aja ofuna ndalama yolembetsera kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money musanayambe ntchito, amenewo ndi akuba basi, ndipo amadziwa kuti ife tili pachimpanipani.

Nanga muyambire pati?

Yambani ndi anzathu amene anadutsa ku Kachere Rehabilitation Centre, chipatala chothandiza anthu ovulala msana ndi ziwalo ku Blantyre, kenaka funsani a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala m'Malawi, za maphunziro a kompyuta amene alipo. Inu mumadziwa misewu, mafuta ndi mapepala a pachipata, choncho funani ntchito yolondoloza magalimoto ndi katundu pa foni. Pokambirana ndi bwana, nenani poyera kuti mudzagwira maola anayi poyamba, ndipo tcherani alamu yokukumbutsani kudzinyamula pakatha mphindi 30 zilizonse.